Nkhwaila Zomwe Zinakaba Mwiniwake Akupemphera

A Stafford Mukhova ankadziwa anthu ndi mapazi awo. Zaka makumi anayi akusoka nsapato pansi pa mtengo wa mango pa Nanthiwa, m'munsi mwa phiri la Michesi, zinawaweramitsa khosi, moti ukawapatsa moni ankayamba ayang'ana pansi kenaka n'kukutchula dzina. M'nthambi za mangowo munkalendewera nsapato zomwe eni ake anazisiya osabweranso: mapulatifomu okhuthala ngati njerwa omwe anyamata akale ankavalira mabelibotomu, sofiya ya pulasitiki yomwe inkaotcha amayi mapazi dzuwa la Okutobala, gogoda wothyoka chidendene. Pulatifomu imodzi inali yawo yomwe. Ankati anaivala tsiku lomwe anakafunsira malemu akazi awo, ndipo anagwa nayo kawiri asanafike pakhomo.

Lachisanu lina mu Januwale, mvula itangokata cha m'ma thuu koloko, patsogolo pawo panaima mapazi awiri opanda nsapato, matope mpaka m'maondo.

"Nusaiba, nsapato zili kuti?"

"Ndazitaya panjira. Bambo Mukhova, amugwira Tahiru! Akuti waba makina osokera a amayi."

Singano inawagwa m'manja. Tahiru anali mnyamata wokonza mafoni pamsikapo, ndipo Loweruka la sabata yotsatira amayenera kukwatira Nusaiba yemweyu, mwana wa a Katija, telala wodziwika dera lonse la Nazombe. Anabadwa ndi mwendo wamanzere waufupi. Zaka zitatu zapitazo a Stafford anamupangira nkhwaila za tayala la galimoto: yakumanja chidutswa chimodzi cha tayala, yakumanzere zidutswa zinayi zosanjikiza, pansi pake atakhomapo misomali mozungulira ngati nyenyezi. Anyamata anayamba ndi kuseka, kenaka, monga mwa khalidwe lawo, anabwera kudzapempha zokhuthala choncho mapazi onse awiri kuti azitchena nazo kumsika. Koma zanyenyezi, imodzi yaitali ina yaifupi, zinalipo za Tahiru yekha.

"Amupeza nawo makinawo?"

"Ayi. Apeza mapazi ake kuseri kwa nyumba. Apolisi akuti afika faifi koloko." Kenaka anawonjezera: "Amayi akuti ukwati kulibe."

A Stafford anaimirira, mawondo akulira ngati chitseko chakale, natenga chingwe chawo choyezera.

*

Kuseri kwa nyumba ya a Katija kunali anthu ngati pamaliro. Tahiru anamukhazika pansi pa nkhokwe, wopanda nsapato, maso ali pansi. Nkhwaila zake anazigwira m'mwamba a Gracious, wapampando wa achitetezo cha m'mudzi, munthu wabwino ndithu koma wokonda kumva mawu ake omwe.

"Madala, musavutike, kesi iyi ndi yophweka," anatero a Gracious. "Mayi Katija ndi mwana wawo anapita ku Migowi m'mawa kukagula nsalu za ukwati. Anadziwa ndani? Mkamwini. Chitseko chakuseri chathyoledwa nthawi ya mapemphero a Lachisanu, anthu ali mumzikiti, ena atabisala mvula. Mapazi ndi awa. Nyenyezi ndi iyi. Ndipo taonani bwino, munthuyu amatsimphina. Pano wotsimphina ndi ndani?"

Anthu anavomereza ndi mitu. Mayi wina analavula malovu.

"A Katija ali kuti?" anafunsa a Stafford.

Mawu anachokera m'nyumba, pawindo lotseka theka. "Ndili muno. Sindituluka. Makina amene aja ndalerera ana anayi. Tahiruyo ndinamutenga ngati mwana wanga. Basi."

A Stafford ananjuta pamatope. Mapazi anachokera kumbali ya mzikiti, nadzafika pachitseko, kenaka n'kulowera kuudzu wa kumunda wa chimanga komwe anasowa. Nyenyezi inali yawo, sakanaikana. Anayeza ndi chingwe mpata wa phazi ndi phazi: apa wautali, apa waufupi, apa wautalinso. Phazi lamanzere linkakumba dothi ndi kutsogolo, ndipo pafupi ndi ngalande panali poterereka, pomwe munthu anagwa n'kudinda chikhatho cha dzanja. Anayang'ana malowo nthawi yaitali mpaka anthu anayamba kung'ung'udza kuti mdalayu wagona.

"Tahiru, unali kuti?"

"Mumzikiti, bambo." Ankayankhula motsitsa, ngati munthu yemwe watopa kale ndi kukana. "Ine bondo silipindika bwino, ndiye ndimakhala pakampando kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khoma."

"Anakuona ndani?"

"Polowa anandiona. Potuluka anandiona. Pakatipo munthu akamapemphera satembenuka."

"Ndi zimenezo!" anatero a Gracious. "A shehe lero analalikira ola lathunthu. Kuchokera kumzikiti kufika pano ndi mphindi zisanu."

A Stafford anatembenukiranso kwa Tahiru. "Nkhwaila zako unazisiya pati?"

"Pakhonde, pomwe tonse timavulira."

"Potuluka unazipeza bwanji?"

Tahiru anadzutsa mutu koyamba. "Zamatope. Ndimayesa wina waziponda. Komanso lamba wa yakumanja anali atatakasuka, phazi limasewera."

A Stafford anapukuta manja pa buluku lawo.

"A Gracious, mupatseni mnyamatayu nkhwaila zake. Kenaka inuyo muvule nsapato zanu."

*

Anasankha malo osapondedwa, pambali penipeni pa mapazi a wakubayo.

"Yenda, Tahiru. Mpaka papapaya apo. Usafulumire."

Tahiru anamanga malamba nayenda. Anayenda monga ankayendera tsiku ndi tsiku pamsika, mapewa ali chilili, osapendamira mbali. A Stafford anayala chingwe pa mapazi atsopanowo. Mpata uliwonse unali wofanana ndi unzake, ndipo nyenyezi inadinda yonse bwinobwino, osakumba dothi.

"Tsopano inu, a wapampando."

A Gracious anakana kawiri, koma anthu anawakuwiza. Atavala anaima chopendama ngati nyumba yomwe maziko adyedwa ndi chiswe. Anaponya phazi, tsimphi, linalo, tsimphi, kutsogolo kwa nkhwaila yaitali kukukumba matope. Pa sitepe yachisanu anapepesuka n'kugwira papaya ndi manja awiri. Anthu anafa nacho chiseko. Koma chisekocho chinazilala msanga, chifukwa aliyense anaona zomwe zinatsala pansi: mpata wautali, waufupi, wautalinso, ndendende mapazi a wakuba aja.

"Nkhwaila zimenezi ndinazipanga kuti munthu wa mwendo waufupi aziyenda mowongoka," anatero a Stafford. "Wa miyendo yofanana akazivala ndiye amatsimphina. Tahiru wakhala akudutsa pamaso panu zaka zitatu osatsimphina ngakhale tsiku limodzi. Inu mumaonabe kamwana kaja munkakaseka kusukulu."

Ena anayamba kuyang'ana zala zawo zakumapazi.

A Gracious anavula nkhwailazo, manyazi atawagwira, koma mutu wawo unkagwirabe ntchito. "Chabwino. Nanga ngati anatsimphina chifukwa chonyamula katundu? Mutu wa makina umalemera."

"Yang'anani mapazi obwera. Sananyamule kanthu, koma akutsimphina kale."

"Ndamva, madala. Koma ine ndaitana kale apolisi. Akafika adzafuna munthu ndi makina. Ndikawauza nkhani ya chingwe chanuchi adzati tikakambirane kusiteshoni, ndipo mawa ndi Loweruka. Akalowa lero, atuluka Lolemba ngati Mulungu alola."

Nusaiba anayang'ana foni yake. Inali hafu pasiti filii.

*

Moyang'anana ndi mzikiti, a Lenia ankagulitsa chinangwa chophika. Anali mayi woti ukamufunsa njira amayambira kukuuza za agogo ake a ku Mozambiki, ndipo a Stafford anadziwa kuti kumufulumizitsa n'kutaya nthawi kawiri.

"Ine ndione chiyani, alamu? Mvula ija! Ambulera wanga ndi uyu, nthiti ziwiri zinathyoka pa maliro a achimwene ku Chiwalo, ndiye ndimachita kumutsitsa chonchi, mpaka pamphuno. Ndimangoona pansi pokha. Chinangwa chanyowa, mchere wasungunuka, makasitomala zii. Nkhope ya munthu ine ayi."

"Pansi pomwepo ndi pomwe ndikufuna. Munaonapo chiyani?"

"Nsapato, nanga n'chiyani? Pakhonde apo zimadzaza ngati pa kaunjika. Ine ndimaziwerenga kuti ndidziwe chinangwa chitha kapena ayi. Lero zinali zochepa." Anaima, chala chili pachibwano. "Koma ndinaseka ndekha. Kumapeto uko, podontha madzi, panali zigogo ziwiri, zapulasitiki zabowobowo zija. China chachikasu, china chabuluu. Ndinati, Mulungu wanga, lero kwabwera anthu awiri a mwendo umodzi umodzi!"

Nusaiba anagwira mkono wa a Stafford.

"Zinalipo kuyambira poyamba?"

"Ayi. Zinabwera a shehe atayamba kale. Ndipo anthu asanatuluke ndinayang'ananso, mbee, palibe. Ndinati kaya mapemphero awakanika."

A Stafford anathokoza, nagula chinangwa chonyowacho zidutswa ziwiri chifukwa cha ulemu. Akuyenda anamufotokozera Nusaiba zomwe iye ankazidziwa kale koma sanaziganizire. Fashoni ya chaka chino inali yovala zigogo zosiyana mitundu, ndi masokosi aatali, ngakhale kunja kukutentha. Koma sitolo sigulitsa nsapato imodzi. Anyamata ankagula awiri, wina mtundu uwu wina uwo, n'kusinthana chimodzi. Choncho zigogo zotere nthawi zonse zimakhala ndi mapasa ake penapake.

"Zofiira ndi zakuda zilipo zambiri," anatero. "Koma chachikasu ndasokapo chimodzi chokha. Mwezi watha, lamba wakumbuyo."

"Cha ndani?"

"Cha Owen, wometa uja."

*

Owen anali akusesa tsitsi m'babashopu yake, wailesi ikulira. Kumapazi kwake kunali chigogo chachikasu ndi chabuluu, pamwamba pa masokosi a mizeremizere ofika m'maondo. A Stafford anapukusa mutu. Kenaka anakumbukira mabelibotomu awo omwe ankasesa msewu, ndipo anamwetulira.

"Aaa, biggie, ine? Siriyasi?" Owen anaseka mwamantha. "Kuyambira thwelofu mpaka thuu muno munali fulu. Maticha atatu, kuphatikiza anthu obisala mvula. Afunseni. Sindinatuluke olo ka miniti."

"Vula ndione."

Anazitembenuza. Zinali zouma, m'mabowo muli tsitsi lokhalokha. Dothi lofiira la pakhonde pa mzikiti munalibe.

"Unasinthana ndi ndani?"

Owen anazimitsa wailesi. "Ine sindikufuna nkhani, biggie."

"Nkhani ilipo kale. Mnzako Tahiru, yemwe anakukonzera foni ulere pa Khirisimasi, akukagona m'chitokosi."

Owen anayang'ana tsache lake. "Dyson. Wa kabaza ya njinga yamoto uja."

Nusaiba anagwira pakamwa. "Ndi amene watinyamula m'mawa kukatisiya kumsewu. Anafunsa amayi kuti tibwerako nthawi yanji. Amati akufuna adzatidikire."

Kunja, dzuwa linali litapendekera ku Mulanje. Inali itadutsa folo koloko.

*

Pasiteji ya kabaza anyamata anali ataimirira pansi pa mthethe akusewera bawo. Mmodzi yekha ndiye anakhala panjinga yake, phazi lamanja lili pansi, lamanzere ataliika pachopondera mosamala ngati dzira. Kumapazi kwake kunali chigogo chabuluu ndi chachikasu, pamwamba pa masokosi aatali. A Gracious anali atawapeza panjira, akupuma mwa wefuwefu.

"Dyson, waswera bwanji?" anatero a Stafford, maso ali pansi monga mwa nthawi zonse.

"Shapu, madala. Mukwera?"

"Ayi. Sokosi yakumanzereyo yakuthina bwanji?"

Dyson anaseka. "Ndi sitayelo."

"Tsika, uyende mpaka pamthethepo."

"Ndili pa layini, madala. Kasitomala abwera."

"Ndi masitepe khumi okha."

Bawo linaima. Dyson anayang'ana uku ndi uku, kenaka dzanja lake linapita pa kiyi. Nusaiba anafika msanga kuposa iye. Anazula kiyiyo naiponya m'bulauzi, ndipo panalibe mwamuna pasitejipo yemwe akanayerekeza kukaitenga kumeneko.

Dyson anatsika. Phazi lamanzere litangogunda pansi anakuwa, nagwira chishalo. A Gracious anamuvula masokosi onse awiri. Kakolo wakumanzere anali atatupa ngati mpira wa chikulunga, ndipo pamwamba pa phazi lamanja panali mzere wofiira pomwe lamba wa tayala anamudya.

"Unagwera pangalande," anatero a Stafford. "Nkhwaila imene ija ndi yaitali zala zinayi. Munthu wosaizolowera, atasenza mutu wa makina, pamatope, sangafike patali. Wawasiya pati?"

Dyson anakhala pansi m'matope momwemo. Kenaka ananena motsitsa. "Mu uvuni wakale wa njerwa, kuseri kwa chimanga. Ndavindikira ndi mapesi. Sananyowe."

"Nanga pakhonde paja panali nsapato zambiri. Bwanji unasankha za Tahiru?"

"Aliyense amazidziwa." Anapukuta mphuno ndi dzanja. "Ndimati akaona nyenyezi sadzafufuzanso. Komanso ndimati munthu wolumala sangamumange, angomukalipira basi."

A Stafford anakwiya kwambiri, mkwiyo womwe anali asanaumve zaka zambiri. Anafuna kunena zambiri, koma anaona kuti anthu ayamba kusonkhana, ena atatola miyala.

"A Gracious, mukwezeni panjinga yakeyo, muzikankha. Munthu asamukhudze. Apolisi akamutenge ali wathunthu, ndipo muwauze ayambe adzera kuchipatala ndi mwendowo."

*

Makina anawapeza monga ananenera, ouma, ulusi wobiriwira udakali pa singano. Galimoto ya apolisi itafika inanyamula Dyson, ndipo anthu anabalalika mwakachetechete. Ena podutsa pa Tahiru ankati "pepani achimwene" osamuyang'ana kumaso. A Gracious okha ndiwo anaima patsogolo pake, navula chipewa, napepesa ndi mawu omveka. Aka kanali koyamba kuti anene chinthu m'mawu osapitirira khumi.

Tahiru anamanga nkhwaila zake naimirira. Sanasangalale monga a Stafford ankayembekezera. Anayang'ana windo lija, lomwe linali lotsekabe theka.

"Zikomo, bambo. Ndipita kunyumba."

"Dikira kaye."

"Ayi, bambo. Akunja akanditcha wakuba ndingapirire. Koma amayiwo anati ananditenga ngati mwana wawo, kenaka sanatuluke n'komwe kudzandifunsa."

Nusaiba anayamba kulira mosatulutsa mawu. A Stafford nsapato ankatha kusoka, koma izi zinali zina.

Chitseko chinatseguka. A Katija anatuluka atafunda mpango mpaka pachipumi, m'manja muli buluku lakuda latsopano, choko cha telala chikuonekabe m'mphepete. Anakhala pansi pakhonde, chammbali, nkhope atalozetsa kukhoma monga achitira mpongozi.

"A Mukhova, muwauze apongozi angawo kuti ndinaona. Ndinali pawindo pomwe amayenda kupita papapaya." Anasalaza bulukulo ndi dzanja. "Muwauze kuti kanali koyamba. Chitomerereni mwana wanga, ndikawaona akubwera ndimapatuka panjira, maso pansi. Ndi ulemu womwe anatiphunzitsa. Ndiye ine ndimangodziwa zomwe anthu amanena, kuti amatsimphina. Nditaona mapazi aja ndinakhulupirira. Ndalakwa, ndipo manyazi andigwira moti ndimalephera kutuluka."

Tahiru sanachoke.

A Katija anatambasula buluku lija pamiyendo pawo. Mwendo wamanzere unali waufupi kuposa unzake ndi chikhatho chathunthu.

"Ili ndi la ukwati, Loweruka la sabata yamawa. Ndinalidula osawayeza, ndinangomvera za anthu. Akanavala ndi nkhwaila zawozo, tayala lonse likanakhala pamtunda pamaso pa alendo." Anapisa dzanja m'thumba natulutsa tepi yoyezera, naikankhira kumbali kwa a Stafford osatembenuka. "Nsalu yatsala, ndipo makina abwera. Ine sindingawagwire mwendo, ndi apongozi. Yezani ndinu. Ngati iwo alola."

Nusaiba anasiya kulira, akuyang'ana Tahiru. A Stafford anatola tepiyo, koma sanasunthe pomwe anaima.

Tahiru anayang'ana buluku lopendamalo nthawi yaitali. Kenaka anayenda masitepe anayi kufika pakati pa bwalo, pouma, naima mowongoka, manja atawakweza pang'ono.

"Yezani, bambo," anatero. "Muwauze amayi kuti miyendo yonse adule yofanana."